Ludzu la Limba

Ndiyambe ndi kuulula: kwa zaka zambiri ine ndinkakhulupirira kuti limba la m'tchalitchi mwathu limamwa madzi. Ndikunena kumwa kwenikweni, monga imamwera ng'ombe ikamasulidwa pa ngolo. Amene akufuna kuseka aseke, koma kuseka kwina asungeko, nkhani ikadali kutsogolo.

Tchalitchi chathu chili kuseri kwa Nsaru, panjira yopita ku Kabudula. Limba limene ndikunenali si timalimba tija topondaponda ndi mapazi ayi. Ndi la mipope. Akuluakulu ankati lidabwera pa ngolo kuchokera ku mishoni, kumeneko atapeza lalikulu. Kutsogolo kwake kuli mipope yachitsulo yondandalika ngati ana a mimba imodzi, kuyambira wachisamba mpaka mzime, ndipo mkati muli ina yamatabwa. Magetsi siliwadziwa. Kuti lilire pamafunika anthu awiri: wina kutsogolo, wovala jekete, woyendetsa zala pa timatabwa toyera, wina kumbuyo, wopopa mphepo ndi mpini wautali ngati wa pamjigo. Wakutsogoloyo anali aphunzitsi a pasukulu yathu ya pulaimale. Wakumbuyo ndinali ine.

Kumbuyoko ndidafikako chifukwa cha mawu anga. Ndidalowa kwaya ndili mnyamata wofuna banja, poti m'kwayamo munali mtsikana wina amene ankaimba atatsinzina. Ameneyo ndi amene lero amandiphikira. Aphunzitsi adandipirira masabata atatu, kenako adandiitanira pambali.

"Achimwene," adatero, "mawu muli nawo ambiri, koma onsewo ndi amodzi. Mphepo mukuitaya pakamwayi bwanji osakaipatsa limba?"

Ndidapita, ndipo ndidapeza kuti ndi malo abwino kuposa gome la abusa. Sukulu ine ndidalekezera sitandade 3, kuwerenga kwanga n'kochita kukwawa. Kumbuyo kwa limba palibe amakuuza kuti werenga vesi. Pali kampando, pali mng'alu woonera mpingo wonse iwe osaoneka, ndipo ulaliki ukatalika ungathe kuswa mtedza bola osachita phokoso. Ntchito yake ndi kuyang'ana kachitsulo kolendewera pa chingwe. Kakatsika ndiye kuti mvukuto wadzaza mphepo, kakakwera ndiye kuti popa msanga. Ukachedwa, nyimbo imafera panjira, kulira ngati mbuzi yokokedwa ku msika. Ndidachitapo zimenezi dala kawiri, kwa mkulu wa mpingo wina amene ankakoka nyimbo ngati akukoka ng'ombe yokana goli. Mulungu andikhululukire, kachiwiriko kadandikomera.

Tsono Okutobala wanga woyamba kumbuyoko, limba lidayamba kudwala. Mphepo inkathawa paliponse, fwii, fwii. Ndinkapopa mpaka malaya kunyowa, kachitsulo kaja osatsika. Mpope wina unkangolira wokha aphunzitsi asanakhudze kanthu. Aphunzitsi adati chaka chilichonse limatero, tizingopemphera. Lamulungu lina ndidatenga madzi akumwa m'kachitini, ndipo poopa kuti akulu a mpingo angakaone ndidakabisa mkati mwa limba, kudzera pa kachitseko kakumbuyo. Ndidakaiwala momwemo. Lamulungu lotsatira ndidapeza kachitini kali gwa, kouma, ndipo mpope wolira wokha uja utakhala chete.

Inuyo mukadaganiza chiyani? Ine ndidaganiza chimene munthu aliyense woweta ng'ombe akadaganiza. Chinthu chopuma mphepo, chokhala ndi mawu, chofooka dzuwa likakula: chimenecho chili ndi ludzu. Ndidachita mantha, komanso ndidalimvera chisoni. Anthu ophunzira onsewa, palibe ndi mmodzi yemwe adaganizako zolipatsa madzi!

Nditakwatira, kachitini kadandichepera. Ndidatenga beseni la akazi anga, loyera la mlomo wabuluu, limene azakhali awo adawapatsa paukwati. Adandifunsa kamodzi kokha.

"Kodi abambo, beseni langa lija simudalione?"

"Mwina ana a pamudzi pano," ndidatero.

Adandiyang'ana pang'ono, napitiriza kusenda maungu. Sadafunsenso.

Madzi ndiwo anali ovuta. Kwathu kuno mwamuna wapabanja akaoneka ku chitsime ndi ndowa, mudzi wonse umabwera kudzazonda mkazi wake. Choncho ndinkadikira akazi anga apite ku dimba, n'kudzaza kachigubu kuchokera mumtsuko wa m'nyumba, n'kumangirira pa njinga. Lachitatu ndi Loweruka, kuyambira mphepo ya Ogasiti mpaka mvula yoyamba. Kiyi wa tchalitchi ndinali naye, poti ndimati ndikukathira mafuta pa mpini. Ndikathira madziwo ndinkalankhula nalo. "Imwa, mkulu. Lamulungu kuli ubatizo, usandichititse manyazi." Zaka zidapita, ana adabadwa, ena adakwatiwa limbalo likulira, ndipo aphunzitsi ankauza alendo kuti limba lathu lidachira ndi pemphero. Ine ndinkavomereza. Pemphero ndi beseni sizidayambanepo.

Ana anga atafika sekondale ndidamva kuti madzi amauma okha, amakwera m'mwamba ndi dzuwa. Chikhulupiriro changa chidagwedezeka ndithu. Koma ndidati kaya limamwa kaya silimwa, beseni likadzaza limaimba bwino, ndiye ndisiye chifukwa cha buku la mwana?

Chidandigwetsa ndi ukhondo. Chaka china, pokonzekera Mgonero, amayi a mpingo adasesa tchalitchi mwaukali kuposa kale, mpaka mmodzi adatsegula kachitseko kaja. Adapeza beseni, madzi obiriwira, timphutsi ta udzudzu tikuvina, ndi nthenga ya kadzidzi imene idagwa kuchokera kudenga. Nthengayo ndi imene idaononga zonse. Pofika madzulo nkhani inali itafika ku Nambuma kuti m'nyumba ya Mulungu mwapezeka mankhwala. Lamulungu alembi a mpingo, munthu wowonda wokonda malamulo kuposa nyama, adaimirira beseni lili m'manja.

"Mwini wake wa chinthu ichi adzionetse kwa akulu a mpingo. Tikachita kumupeza tokha, adulidwa."

Maso onse adatembenukira ku limba. Ine ndinali pa mng'alu wanga, ndikuwaona onse. Ndidaona akazi anga pa benchi ya amayi, atanyamula buku la nyimbo, nkhope ili phee ngati beseni loyera la mlomo wabuluu sadalionepo chibadwire. Ndidati mumtima, zikomo Ambuye, aiwala. Akulu a mpingo atandifunsa ndidati kachitseko kaja kalibe loko, aliyense angatsegule. Silinali bodza, koma chinali chinthu choyandikana nalo kwambiri. Beseni adalitsekera m'kachipinda ka akulu a mpingo, kiyi wanga adandilanda.

Chilimwe choyamba limba lidatsokomola. Chachiwiri mipope itatu idasiya kulankhula. Chachitatu, pa maliro a mayi wina wachikulire, tili pakati pa nyimbo, ndidamva mkati kuti thee! ngati nsungwi yapsa, mpini udapepuka m'manja mwanga, ndipo kachitsulo kadakwera osatsikanso. Mpingo udamaliza nyimboyo pakamwa. Aphunzitsi, amene tsopano anali nkhalamba yoona mwa chimbuuzi, adakhalabe pampando manja ali pa timatabwa mpaka anthu onse adatuluka.

Achinyamata anali kale ndi kibodi yawo ya batire, yokhala ndi ng'oma mkati. Ilibe wopopa. Ine ndidayamba kukhala pa benchi ya abambo, poyera, ndipo Lamulungu lachiwiri lomwe wina adandipatsira Baibulo kuti ndiwerenge. Ndidati ndaiwala magalasi. Magalasi sindidakhalepo nawo.

Akulu a mpingo adagwirizana kuti limba lichoke. Matabwa ake apangire kabati yosungiramo masipika, mipope ipite kwa osula zidebe ku Msundwe. Aphunzitsi adapempha chinthu chimodzi: mwana wawo wa m'tauni akudziwa mmisiri wina wokonza malimba, abwere aliwone kaye. Akanena kuti lafa, lichoke. Abusa athu atsopano, munthu wachinyamata woseka msanga, adavomera. Adati mmisiriyo afika Lachisanu.

Sabata imeneyo sindidakhale pansi. Ndinkapita ku munda n'kubwerera khasu lisanalase nthaka. Ndidakonza khola la nkhuku limene linalibe vuto, mpaka lidakhala ndi vuto. Ndinkazungulira tchalitchi ngati galu amene am'tsekera kunja, n'kusuzumira pa zenera. Maganizo anali awiri ndipo ankasinthana ngati mpini, uku kukwera uku kutsika. Ena ankati lidafa chifukwa udasiya kulimwetsa, wamantha iwe. Ena ankati iyayi, madzi akowo ndi amene adaliwoletsa pang'onopang'ono, ndipo mmisiri akangotsegula aona. Njira zonse ziwiri zinkathera pa ine. Akazi anga adandipeza Lachinayi ndikusema mpini wachitatu wa khasu limodzi.

"Abambo, mwalumidwa ndi linthumbu kodi? Khalani pansi, mukundizunguza mutu."

Lachisanu lidafika, mmisiri osaoneka. Tidadikira pansi pa mtengo wa mango, abusa, alembi, aphunzitsi, akulu a mpingo anayi, ndi amayi angapo amene adati abwera kudzasesa. Njinga yamoto iliyonse yodutsa ine ndinkaimirira. Dzuwa litapendeka adatulukira pa kabaza, fumbi mpaka m'nsidze, munthu wamfupi wa imvi ndi chikwama cha zida pamiyendo. Adati minibasi idamufera pa Mpingu, ndipo wakabazayo amudikira, poti ayenera kubwerera lero lomwe.

Sadataye nthawi. Adagogoda matabwa, adanunkhiza mvukuto, adasolola mpope umodzi nauwuzira, mudatuluka dothi la mavu. Kenako adagwada pa kachitseko kaja ndi tochi, nalowetsa mutu. Adakhalitsa. 

"Pansi pano pali banga la madzi," mawu adatuluka mkatimo. "Lalikulu, lakalekale. Madzi amenewa ankachokera kuti?"

Akulu a mpingo adayang'anana. Ndani angauze mlendo wa m'tauni kuti m'tchalitchi mwathu mudapezeka mankhwala? Alembi adakonza kukhosi.

"Denga, bambo. Linkadontha kale."

Mmisiri adatulutsa mutu, napukuta manja. "Ngati ndi denga, ndiye kuti madzi adadutsa m'bokosi la mphepo asanafike pansi. Limenelo ndiye mtima wake. Likawola, palibe chokonza. Kulitsegula kokha ndi masiku awiri, ndipo sindingakuvutitseni ndi ntchito yoti ndikudziwa mathero ake. Pepani, aphunzitsi."

Adayamba kubweza zida m'chikwama. Aphunzitsi adafuna kuvula chipewa chimene anali atavula kale, ndiye kuti adangogwira mutu. Panja wakabaza adaliza injini.

Ndikadakonda kunena kuti ndidalimba mtima. Zoona zake n'zakuti pakamwa padatseguka pokha, ngati mpope uja wolira osakhudzidwa.

"Denga silidadonthepo pamenepo."

Onse adatembenuka.

"Linali beseni. Ndinkaika ndine."

"Ehe!" adatero alembi, chala chili m'mwamba. "Abusa, mwamva nokha! Zaka zitatu tikufunafuna!"

"Dikirani kaye," adatero mmisiri. Adandiyang'ana kuyambira ku nsapato. "Madala, madziwo munkathira pa matabwa?"

"Ayi. Ankangokhala m'beseni."

"Chaka chonse?"

"Chilimwe chokha. Mvula ikagwa ndinkachotsa."

"Adakuuzani ndani?"

Apa ndiye panali pothawira. Ndikadatha kunena kuti adandiuza mzungu wina wa ku mishoni amene adamwalira kale, akufa satsutsa. Koma ndinali nditayamba kale kutsetsereka.

"Palibe. Ndinkaona ngati lili ndi ludzu."

Mayi wina adaphulika kuseka nabisa nkhope m'chitenje. Abusa adayang'ana kudenga, mapewa akugwedezeka. Mmisiri yekha sadaseke.

"Nanga mudasiyiranji?"

Ndidaloza alembi ndi mlomo.

"Munali nthenga ya kadzidzi!" adatero alembi.

"Akadzidzi ali kudenga uko, ndawaona awiri," adatero mmisiri. "Bambo, mumalima fodya?"

"Ndimalima," adatero alembi.

"Mumasankha fodya masana, dzuwa lili pamutu?"

"Aaa, ayi. Amanyenyeka. Timadikira chinyezi cha m'mawa kuti afewe."

"Basitu. Chikopa cha mvukuto ndi matabwa a mkatimu n'chimodzimodzi. Limbali adalipangira dziko lachinyezi. Kuno Okutobala amalimwa mpaka kuling'amba. Anzake ambiri amene ndidawaona adafa kalekale, ine ndimadabwa kuti ili lidafika bwanji mpaka lero. Mankhwala ake anali beseni lomwelo." Adatsegulanso chikwama. "Wina akauze wakabazayo azipita. Kodi pali pogona?"

Alembi sadagonje msanga. Adafunsa ngati m'madzimo simunali kanthu kena. Ndidati munali dzina la Yesu lokha, poti ndinkathira ndikung'ung'udza nyimbo. Abusa adati nkhani yodula munthu yatha pomwepo, koma nkhani ya kachitseko kopanda loko ndikaifotokoze kwa Mwini wake wakumwamba ndekha. Akazi anga anali pakhomo ndi tsache. Adangopitiriza kusesa.

Bokosi la mphepo lidapezeka long'ambika pawiri koma losawola. Ntchito idatenga masabata atatu, ndipo ine ndinali wothandiza, kapena kuti wotumidwa. Tidasolola mipope yonse n'kuiyala pa mphasa motsatana, mmisiri akulemba nambala pa uliwonse. Amayi adafuna kuikwecha ndi phulusa kuti iwale ngati mapoto, mmisiri adatsala pang'ono kulira. Adati mlomo wa mpope ukangopindika pang'ono, mawu apita. Tidaipukuta ndi nthenga za nkhuku ndi kansalu kouma. Mudatuluka zisa za mavu, ndowe za mileme, ndi makoko a mtedza ochuluka ndithu, amene ndidati ndi a makoswe.

"Makoswe a kuno amaswa mtedza mwaulemu," adatero mmisiri. "Pakati penipeni."

Ming'alu adaitseka ndi timizere ta thabwa. Mvukuto adauvalika chikopa chankhosa chofewa ngati nsalu, chimene adachita kuitanitsa m'tauni, n'kumata ndi guluu wophika m'chitini. Guluu ameneyo fungo lake agalu a midzi itatu adabwera kudzaona maliro. Masiku omaliza anali otchuna mawu. Aphunzitsi ankagwira kathabwa kamodzi, ine ndikupopa, mmisiri ali mkati akugogoda mpope pang'onopang'ono mpaka kunjenjemera kwa mawu kutatha. Mpope umodzi, kenako wina, tsiku lonse. Ndinkafuna kuthamanga, kuti ndimve nyimbo yathunthu, koma iye ankangoti, "Mofatsa, madala. Mphepo yokhazikika. Mukupopa ngati mukuthawa njuchi."

Asanachoke adasiya malamulo, nawauza alembi kuti alembe okha. Mabeseni awiri, kuyambira Ogasiti mpaka mvula. Akhale pa njerwa, asakhudze thabwa. Aphimbidwe ndi chidutswa cha neti chifukwa cha udzudzu. Mvula ikayamba achoke, kuopa nkhungu. Chiswe chiziyang'anidwa mwezi ndi mwezi. Mtedza ayi. Alembi adalemba zonse ndi dzanja lawo lokongola, ndipo ine ndidaima pambali kuonetsetsa kuti mawu akuti beseni alembedwa bwino, ngakhale sindikadazindikira akadalakwika.

Lamulungu lake tchalitchi chidadzaza mpaka m'mazenera. Ndidakhala pa kampando kanga, ndidagwira mpini, kachitsulo kadatsika bwinobwino. Aphunzitsi atagwira nyimbo yoyamba, mpope waukulu udalankhula pansi penipeni, mpaka ndidaumva m'mano otsalawa. Pa mng'alu ndidaona amayi akale akupukuta m'maso, ndi achinyamata a kibodi atatsegula pakamwa. Akazi anga ankaimba atatsinzina. Pomaliza abusa adathokoza mmisiri, adathokoza aphunzitsi ndi mwana wawo, anthu adawomba m'manja. Kenako alembi adabwera kuseri, osandiyang'ana kumaso, nandipatsa kiyi ndi beseni loyera la mlomo wabuluu.

Madzulo ake titadya ndinali ndisanakhazikikebe. Ndinkayendayenda pakhonde beseni lili kukhwapa, ndikulalikira nkhuku.

"Mwaona, mayi? M'manja awombera ovala majekete. Wakumbuyo ndani amamuona? Zaka zonsezi limba limeneli ndalimwetsa ndine, ndekha, popanda wondithandiza, popanda ndi zikomo yemwe!"

Akazi anga adatenga beseni lija, adalitembenuza, adaliyang'ana pansi pamene padayamba dzimbiri.

"Nokha, eti?" adatero. "Mtsuko uja munkati umadzaza wokha? Lachitatu ndi Loweruka ndinkapita ku chitsime kawiri, ulendo wachiwiri unali wa limba lanulo. Tsono poti mabeseni akhala awiri ndipo mudzi wonse wadziwa, ndowa ili apo. Masiku ano kuli mjigo, umatsegulidwa mamawa, ndipo kupopa ndiye mumakudziwa."